Mtsutso Umene Unandisiya Ndekha M'nyumba

Amayi, abambo, ndi inu anzanga a ku yunivesite amene mwakhala kumbuyoko, moni nonse. Dzina langa ndine Yankho. Ambiri mumandidziwa ngati mwana wa Mayi Mbewe, anesi aja a ku Evington. Ena munandidziwira pa kavidiyo kamene kanazungulira m'mafoni chaka chija, ndipo mwina munapemphera kuti mwana wanu asadzafike pamenepo. Abusa atandipempha kuti ndilankhule lero, ndinayamba ndakana. Koma ndikudziwa kuti m'holo muno muli wina amene akumwa yekha kuchipinda, makatani atatseka, kwawo akuganiza kuti ali m'kalasi. Ndaimira iyeyo pano.

Ndinabwera kuno ku Leicester, ku England, kuchokera ku Zomba ndili mtsikana wamng'ono, kudzatsatira amayi. Chizungu changa chinkaseketsa anthu kusukulu, ndiye ndinachikakamira mpaka chinasanduka chida changa. Pofika ku yunivesite, kumene ndinkaphunzira zamalamulo, ndinali munthu wa mitsutso, ndipo chaka chachiwiri anandisankha kukhala wapampando wa kalabu ya dibeti. Ndinkanyada nazo kwabasi. Ndinkakhulupirira kuti palibe nkhani imene anthu sangaikambirane m'chipinda chimodzi, bola aliyense apatsidwe nthawi yake.

Ndinkachita lendi nyumba pafupi ndi Victoria Park pamodzi ndi atsikana awiri. Samira, Msilamu wa ku Highfields, anali mnzanga kuyambira ku sekondale. Ndiye anandiphunzitsa mabasi a mu Leicester, ndipo kwawo ndinkalowa osagogoda. Miriam anabwera chifukwa tinali ndi chipinda chopanda munthu. Anali Myuda wa ku Manchester, ankaphunzira mbiri yakale. Ine Ayuda ndinkangowadziwira m'Baibulo, moti tsiku loyamba ndinachita kumufunsa ngati kwawo n'ku Yerusalemu. Anaseka n'kunena kuti, "Kwathu n'ku Manchester, kumene mvula imaposa ya kuno." Anali ndi kabati yakeyake ya mapoto, ena a nyama ena a mkaka, osasakaniza monga mwa chipembedzo chawo, ndipo ife sitinkawagwira. Lachisanu dzuwa likamalowa ankayatsa makandulo a Sabata n'kuzimitsa foni mpaka Loweruka madzulo, ndipo galimoto kapena sitima sankakwera. Samira anali ndi Lachisanu lake, Miriam Loweruka lake, ine Lamulungu langa. Tinkaseka kuti m'nyumba mwathu Mulungu alibe wikendi.

Kenako nkhondo ya ku Israeli ndi Gaza inabuka. Sindinabwere kudzakuuzani amene akukhoza kapena akulakwa kumeneko. Ndikuuzani zimene ndinaona m'khitchini mwathu. Miriam anali ndi achibale kumeneko, ndipo ankagona foni ili m'manja. Kaunyolo kake ka m'khosi kokhala ndi nyenyezi ya Chiyuda anayamba kukabisa m'kati mwa juzi akamapita kukalasi. Misonkhano ya ophunzira achiyuda inayamba kuchitika malo ake osalengezedwa, pakhomo pali mlonda. Samira naye ankalira poona zithunzi za ana ofera m'mabwinja, ndipo wikendi iliyonse ankapita ku zionetsero m'tauni. Awiriwa sanakangane ayi. Anangoyamba kuphika nthawi zosiyana.

Ine ndinaganiza kuti mankhwala ake ndili nawo. Ndinakonza mtsutso woti aliyense pa kampasi abwere, mbali zonse zilankhule. Miriam anakana poyamba.

"Yankho, sukudziwa mmene zimakhalira," anatero. "Ndikangoimirira pamenepo sindikhalanso Miriam. Ndisanduka boma la dziko limene sindinavoteko n'komwe."

"Nanga ukakhala chete, si ndiye kuti ena azikulankhulira? Pampando ndikhala ine. Palibe amene akudule mawu. Ndikukulonjeza."

Anavomera chifukwa cha ine. Samira anavomeranso kulankhulira mbali inayo.

Holo inadzaza, ena ataima m'makoma. Samira analankhula bwino, anthu n'kuwomba m'manja. Miriam ataimirira ananena kuti iye sagwirizana ndi zambiri zimene boma la Israeli likuchita, koma akufuna anthu amve mmene zikuvutira kukhala Myuda pa kampasi, kuti mnzake wina analavuliridwa malovu pasiteji ya basi. Asanafike patali, kumbuyo kunayamba kukuwa. Ndinaimirira n'kumenya tebulo. "Khalani chete kapena tulukani. Uyu amaliza kulankhula." Anamalizadi. Nthawi ya mafunso, mnyamata wina analankhula mawu olasa kwambiri okhudza Israeli, ndipo ophunzira ena achiyuda anandipempha kuti ndimulande maikolofoni. Ndinakana. Ndinati nayenso amalize. Iwo ananyamuka n'kutuluka.

Pofika m'mawa mwake panali timavidiyo tiwiri. Kena kankandionetsa ndikukalipira anthu olirira Gaza. Kena kankandionetsa ndikuteteza munthu wonyoza Ayuda. Tonse tiwiri tinali toona, koma todula. Foni inkangolira. Ena anati ndinagulidwa, ena anati ndine munthu wakuda amene waiwala za atsamunda, enanso anati ndimadana ndi Ayuda. Anandichotsa m'magulupu amene ndinayambitsa ndekha. Komiti ya kalabu inandipempha kuti nditule pansi udindo. M'kalasi anthu ankasiya kulankhula ndikangolowa.

Samira anabwera ndi mchimwene wake pa galimoto kudzatenga katundu. Pakhomo anangondiuza kuti, "Unawakalipira ngati ana, Yankho. Anthu amene akulira maliro." Miriam anapita ku Manchester ine ndili kukalasi. Ndinangopeza chipinda chake chokhoma, mapoto ake ali m'kabati.

Apa ndifulumira, chifukwa kugwa sikuchedwa. Ndinayamba ndi kapu ya vinyo kuti ndipeze tulo. Kapu inasanduka botolo. Vinyo atayamba kuchedwa kugwira, ndinasamukira ku vodika. Ndinkasinthasintha mashopu kuti wogulitsa asandizolowere nkhope. Ndinasiya malekicha a m'mawa, kenako onse. Ndinkakhala pabedi n'kumawerenga zimene anthu osandidziwa akulemba za ine, kubwerezabwereza, ngati munthu wokanda bala. Tchalitchi ndinasiya tsiku limene Mmalawi mnzathu anandiuza akuseka kuti, "Iwe, takuona pa foni, watchukatu." Amayi akaimba ndinkati, "Mami, ndili mu laibulale, ndikuimbirani." Iwo amagwira mashifiti ataliatali, ndiye kuwanamiza sikunavute. Pa Khirisimasi ndinangoonekera kwa amayi, chingamu chili m'kamwa, n'kuthawa ndi chifukwa cha mayeso. Mayeso akewo ndinalemba amodzi nditaledzera, enawo sindinapite.

Chimene ndikufuna mumve n'chakuti vuto loyamba silinali mowa. Linali zii wa m'nyumba ija. Ndinkangomva firiji ikulira ndi ana a sukulu akudutsa panja, basi. Pankapita masabata osalankhula ndi munthu kupatula kunena zikomo kushopu. Tsiku lina ndinayesa kuimba nyimbo kubafa, mawu anatuluka osasa ngati a munthu wina. Ndinkakwera basi yopita ku Wigston n'kubwerera nayo osatsika, kuti ndingokhala pakati pa anthu. Nditangofika ku England ndinasungulumwa ndithu, koma nthawi imeneyo ndinkadziwa kuti ndine mlendo. Ulendo uno ndinali mumzinda umene ndimaudziwa misewu yake yonse, koma ndinalibe khomo loti ndigogode.

Linali Lachisanu masana, kumayambiriro kwa Malichi. Ndinali gone pa sofa, botolo lili pansi, pamene ndinamva wina akutsegula chitseko ndi kiyi. Anali Miriam, atanyamula sutikesi yopanda kanthu. Anabwera kudzatenga katundu wake, akuganiza kuti ndili kukalasi. Anaima pakhomo la khitchini nthawi yaitali. Mabotolo anali paliponse, bini itasefukira, mbale zitachita nkhungu. Mapoto anga atatha kuda, ndinali nditayamba kuphikira ake, osasamala kuti wa nyama ndi uti, wa mkaka ndi uti. Ananyamula poto mmodzi mmene munaumira makaroni, tchizi ndi soseji ya nkhumba, anamuyang'ana, n'kumubwezera pomwepo.

"Wawaononga onse," anatero.

"Ndikugulira ena."

"Anali a agogo anga."

Mowa unandipatsa pakamwa. Ndinati, "Iwe unandithawa. Ndinaluza zonse chifukwa chokuteteza, iwe n'kungopita osatsanzika."

Anatembenuka nkhope itafiira. Miriam anali asanandikalipirepo.

"Kunditeteza? Unandipatsa nthawi yanga yolankhula, inde. Nanga zitatha? Iwe unatsala muholo, ukugwirana chanza ndi anthu, ukusangalala kuti dibeti yatheka. Ine ndinatuluka ndekha. Anyamata ena ananditsatira mpaka kupaki, akunditchula maina. Ndinafika m'nyumba muno ndikunjenjemera, iwe utabwera unangondifunsa kuti, 'Zayenda bwino, eti?' Iwe unkafuna mtsutso wako utheke, Yankho. Za ine sunaganize."

Zimenezi sindinkazidziwa. Mutu unkazungulira, koma mawuwo analowa.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye ndikanatani? Ndikanamulanda maikolofoni mnyamata uja?"

"Sindikudziwa," anatero, mawu atatsika. "Mwina ayi. Anzanga ena achiyuda amati unalakwa. Ine ndinawauza kuti sindikutsimikiza, ndiye enanso sakundilankhula. Usaganize kuti ku Manchester ndili pa phwando. Ndimakhala kuchipinda ngati iwe. Kungoti ine sindimwa."

Anakhala pampando wa m'khitchini, jekete osavula. Kenako anayang'ana pawindo, n'kuyang'ana wotchi. Sitima imene ikanamufikitsa kwawo Sabata lisanayambe inali pafupi kunyamuka. Ndinati, "Pita, uchedwa."

"Unadya liti komaliza?"

Sindinakumbuke.

"Amayi ako akudziwa?"

"Usayerekeze."

Anavula jekete. Anaimbira bambo ake kuti sabwera, ndipo ndinkawamva akukalipa pa foni. Atadula anandiyang'ana.

"Tamvera. Dzuwa likalowa ine foni sindigwira, ndipo iwe pawekha ndikudziwa kuti suimba. Ndiye uwaimbira panopa, kukadali kowala. Ndikhala pompano. Ukakana ndiwaimbira ine, ndipo ndiwauza moipa kuposa mmene ungawauzire iwe."

Ndinamutukwana. Ndinalira. Ndinamuuza kuti sakuwadziwa amayi achimalawi, kuti mayi amene wakhala akutembenuza odwala zaka zonsezi kuti mwana wake adzakhale loya sangamve zoterezi n'kukhalabe moyo. Iye anangoika foni yanga patebulo pakati pathu, n'kuyamba kutolera mabotolo m'jumbo lakuda, limodzilimodzi, osandiyang'ana. Kuwala kunkachepa pakhoma. Ndinkayang'ana foniyo, n'kuyang'ana khomo, ndikuganiza kuti ndingothawa. Koma ndithawire kuti? Pomaliza ndinaitola.

Amayi anayankha akuyenda m'kholido, ndinkamva matayala a bedi la odwala.

"Yankho, ndili pa shifiti. N'chiyani?"

"Mami, sindikupita kusukulu. Ndikumwa mowa. Ndalephera kusiya."

Matayala aja anasiya kulira. Kenako anati, "Uli kuti?"

"Kunyumba kuno."

"Uli ndi ndani?"

"Ndi Miriam."

"Usachoke pamenepo. Umuuze asakusiye."

Miriam anatsika kuchokera kuchipinda kwake ndi makandulo awiri, anapukuta pakona pa tebulo, n'kuwayatsa. Anaphimba maso ndi manja n'kunena pemphero lake m'Chiheberi. Ine ndinangokhala apo, ndikununkha mowa, ndikuyang'ana malawiwo. Tinadya mabisiketi ndi maapozi amene anali m'chikwama chake. Sindinganene kuti ndinamva mtendere, ayi. Ndinali ndi mantha. Koma m'nyumba muja munali munthu wina akupuma.

Amayi anafika ali mu yunifomu, atapempha mnzawo kuti awamalizire shifiti. Ndinkadikira kukalipiridwa. Anayang'ana khitchini, anayang'ana jumbo la mabotolo, kenako anandigwira dzanja n'kumaona mmene likunjenjemerera, ngati mmene amachitira ndi odwala awo.

"Iwe, unayamba liti?"

Nditawauza, anakhala pa masitepe n'kulira mosatulutsa mawu. Atatha anapukuta m'maso, n'kuuza Miriam kuti, "Mwana wanga, Mulungu akudalitse." Kwa ine anati, "Usasiye mwadzidzidzi, pamene wafikapa n'zoopsa. Tikaonana ndi dokotala. Nyamula zovala, tizipita." Ndinawafotokozera kuti Miriam sangakwere galimoto mpaka Sabata lithe. Amayi anavula nsapato. "Ndiye mwana wa eni tingamusiye yekha muno? Tigona konkuno." Tinagonadi atatu m'nyumba yonunkha ija, amayi pampando pafupi ndi bedi langa.

Kubwerera kunalibe zozizwitsa. Dokotala anandiika pa ndondomeko yochepetsa pang'onopang'ono, n'kunditumiza ku gulu la anthu osiya mowa limene limakumana m'kaholo kena m'tauni. Ambiri anali azibambo achizungu a msinkhu wa amalume anga. Wakuda ndinali ndekha, ndipo poyamba ndinkangokhala duu. Koma palibe amene anali ataona kavidiyo kaja. Tsiku limene ndinawafotokozera nkhani yonse ya mtsutso, bambo wina anangoti, "Chabwino. Koma lero wamwa?" Funso limenelo ndimadzifunsabe mpaka pano, ndipo limandikwanira.

Ndinasamukira kwa amayi ku Evington. Iwo anandiperekeza kukaonana ndi mphunzitsi wondiyang'anira ku yunivesite. Ndinayamba kupeka kankhani ka matenda ena, amayi n'kundiponda phazi pansi pa tebulo, ndiye ndinanena zoona. Anandilola kubwereza chaka. Inu a kumbuyoko, mverani: njira zimenezi zilipo, koma munthu wobisala sangazipeze. Anzanga anavala magauni omalizira maphunziro ine ndili m'kalasi ndi ana amene ndinawalandira ndekha pa kampasi. Zinawawa, koma sindinafe nazo. Maapu onse a pa foni amene ndinkawerengapo za ine ndinawadilita. Ndinagwanso kamodzi, tsiku limene munthu wina anandizindikira m'shopu n'kuyamba kundijambula. Ndinauza amayi tsiku lomwelo, ndipo sabata imeneyo ndinapitanso kugulu kukanena.

Miriam sanabwererenso ku Leicester. Anasamutsira maphunziro ake kufupi ndi kwawo. Mapoto aja arabi ake, mtsogoleri wa chipembedzo chawo, anamuuza mmene angawayeretsere ndi madzi owira, ena anatheka, ena ayi. Timaimbirana Lamulungu masana. Pa nkhani ya nkhondo timasiyanabe zambiri, moti nthawi zina wina amadula foni, koma sabata inayo timaimbirananso.

Ena mwa inu makolo mukuganiza kuti phunziro lake n'lakuti mwana wa Mmalawi asamalowe nkhani za eni, azingowerenga mabuku. Amalume anga anandiuza choncho. Pepani, ine sindikuvomereza. Ana anu akugona nyumba imodzi ndi eni nkhaniwo, akuphika nawo pa chitofu chimodzi. Kukhala chete sikuwateteza. Ine ndikukhulupirirabe kuti anthu azilankhulana. Chaka chino mphunzitsi wina wayambitsa kagulu kakang'ono, ndipo ndimathandizako. Timakhala mozungulira tebulo, mafoni timasiya m'basiketi pakhomo, ndipo zikatha palibe amene amapita kwawo yekha. Ophunzira achiyuda amabwera ochepa, mochenjera, ena amasankha mpando wa pafupi ndi khomo. Achisilamu nawo chimodzimodzi. Amalasana ndi mawu ndithu, ena amalira. Masiku ena sikubwera aliyense, timangomwa tiyi awiri ndi mphunzitsiyo n'kuzimitsa magetsi.

Musaganize kuti kusungulumwa kunatha. Kulipo, kungoti sindikumwera mowa. Mwezi watha ndinali pa basi yochokera m'tauni, ndipo titafika ku Highfields anakwera Samira. Ndinali ndisanamuone chichokere tsiku lija anatenga katundu. Anandiona, anazengereza, kenako anabwera n'kuima pafupi nane atagwira chitsulo.

"Ndinamva kuti unadwala," anatero.

"Ndinadwaladi. Ndikupezako bwino."

"Ndakondwa." Anayang'ana pawindo. "Koma ndikadali wokwiya, Yankho."

"Ndikudziwa."

Ndinkafuna kumufunsa za amayi ake, za ntchito, ngati amaphikabe mpunga uja wa tsabola wambiri. Iye anadina belu, n'kutsika pasiteji yotsatira osatembenuka.

Pamene ndimatsikira ine ku Evington pali shopu yogulitsa mowa. Ndinaima pakhomo pake nthawi yaitali ndithu, mpaka wogulitsa anayamba kundiyang'ana pagalasi. Kenako miyendo inandinyamula. Ndinafika kunyumba amayi atagona, akupumira shifiti yotsatira. Kale ndikanawasiya, ndikanati asavutike. Koma ndinagogoda pachitseko chawo n'kunena kuti, "Mami, lero zandivuta."

Anangosunthira kukhoma n'kundikwezera bulangete.

Apo ndi pamene ndafika, abale anga. Zikomo pondimvetsera.